Awa Si a pa Mpani

Anabadwa usiku wa Lachitatu, chisanu chikuluma makutu,
asanu ndi mmodzi, ofiirira ngati mtedza wauwisi,
maso osatseguka, ubweya n'komwe,
m'chigoba cha kanema wakale
amene mwini wake anasiya kuno osabweranso.
Ndinachotsamo matumbo onse, n'kuthiramo utuchi wa kwa kalipentala.
Tsopano galasi lake limaonetsa pulogalamu imodzi yokha:
aphanya anga akukumba.

Ine ndimakonza mawailesi pa Lizulu,
pakati pa milu ya kabichi ndi msewu wa tala.
Mkazi wanga akuti awiri n'choseweretsa,
koma asanu ndi atatu ndi mudzi,
ndipo mudzi umafuna nkhokwe.
Atasiya kuyamwa ndinalemba pa katoni ndi khala:
TIANA TA PHANYA, TAULERE, KWA WOSUNGA.

Oyamba kufika anali a Chidyaonga a minibasi.
Anasuzumira, nati, "Tikanenepa mundiimbire."
Wina anafunsa ngati mchere ndikupereka womwe.
Mayi wa tomato anaseka mpaka kugwira nthiti:
"Anzanu akutchera misampha, inu mukulera!"

Ndinayamba kufunsa mafunso ngati ankhoswe.
Kwanu kuli mphaka?
Ana anu amanyamula zinthu kumchira?
Mchira uwu ukasupuka sumeranso.
Mutenge awiri, mmodzi yekha amafota ndi phukwa,
koma akhale aakazi okhaokha kapena aamuna okhaokha.
Chaka chatha sindinayang'anitsitse,
aphunzitsi ena a ku Mlanda mpaka lero sandiyankha moni.

Awiri anapita ndi Elufe, namwino wa usiku,
amene anati akaweruka m'bandakucha
m'nyumba mwake mulibe chopuma china.
Awiri anakwera kabaza ndi mwana wa abusa
m'bokosi la nsapato lobooleza ndi msomali.
Anatsala awiri,
mmodzi wa khutu lopindika.

Ndiye kunabwera Mafukeni,
mnyamata uja amakweza mpani kumsewu,
mbewa khumi zowamba, kuthamangira basi iliyonse.
Zala zake zinkanunkha utsi.
Ndinati ayi asanatsegule pakamwa.
Iye osachoka.
Anagwada pa galasi nthawi yaitali,
nati, "Utuchi wachepa, bambo.
Awa kutchire amakumba mpaka m'chigongono.
Mukumva akumenya mwendo pansi?
Akuchenjezana za ine."

Zaka zitatu ndikuweta,
ine ndinkayesa akuvina.

M'mawa mwake anabwera atasenza chidebe chodula pakati,
dothi lapachulu m'katimo, waya wa sefa pamwamba,
kabotolo ka madzi komanga ndi mphira.
"Ndafukula mauna osawerengeka," anatero,
"koma sindinaonepo mmodzi ali mtulo."

Ndinampatsa.
Manja anga sankafuna, koma ndinampatsa,
pamodzi ndi kajumbo ka mpendadzuwa
ndi malangizo ambirimbiri amene sanafunikire.
Anawalandira ndi manja awiri
ngati munthu wopatsidwa moto kukuomba mphepo.

Masiku ano ndikamadutsa pamsewu
maso anga amathamangira pa mpani wake
kukafunafuna khutu lopindika.
Ndimachita manyazi,
koma ndimayang'anabe, mbewa ndi mbewa, mpaka yomaliza.
Iye amandiona. Sakwiya.
Amangokuwa pamwamba pa phokoso la malole:
"Ali bwino! Wamng'ono uja watafuna chipewa changa!"
N'kuthamangira basi ya ku Lilongwe,
mpani m'mwamba, mtengo uli pakamwa.

Kunyumba kanema wachita zii.
Bambo ndi mayi okhaokha, kuguguda chitsononkho,
ine pampando ndi wailesi ya munthu pamiyendo,
sikuludiraiva yaiwalika m'manja.
Dzulo mayiyo ataima ndi miyendo iwiri kununkhiza mphepo
ndinaona mimba yayambanso kuzungulira.
Sindinanene kanthu.
Koma mkazi wanga anaona kale:
katoni ija sanayatsire mbaula,
waiimika kuseri kwa chitseko,
khala lili pambali pake.